Funsani Aphunzitsi: Njere za M'firiji ndi Agulugufe Opita ku Mexico

Makalata a mwezi uno akufanana ngati munachita kupangana. Pafupifupi onse akufunsa za gulugufe mmodzi, wamapiko amtundu wa lalanje okhala ndi mizere yakuda ndi timadontho toyera m'mphepete, amene kuno amamutcha monarch. Ndi nyengo yake. Ndikulemba zino pakati pa Seputembala, ndipo dzulo m'mawa ndinawerenga agulugufe 14 pa maluwa a kuseri kwa sukulu imene ndimaphunzitsa kuno ku Iowa, m'dziko la America, onse akumwa mwaphuma ngati anthu amene basi ikuwadikira. Ndaphunzitsa ana a giredi 4 kwa zaka 11, ndipo kadimba kathu ka agulugufe kali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zambiri zimene ndiyankhe pano ndaziphunzira nditagwada m'kadimba kameneka pamodzi ndi anawo.

Aphunzitsi, mwana wanga wabwera kuchokera kusukulu ndi kaenvulopu ka njere zofiirira, zaphanthiphanthi. Akuti tizikulunge m'kapepala konyowa n'kuziika m'firiji mwezi wathunthu. Bambo ake ataona chithunzi cha chomeracho akuti ndi thengo wamba lomera m'mbali mwa msewu. Kodi tikufuna kudzala chiyani, nanga firijiyo yabwera bwanji?
*Mayi wa ana atatu, Indiana*

Mayi, abambo a kunyumbako sananame. Chomeracho ndi milkweed, ndipo amameradi yekha m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda. Mukathyola tsamba lake mumatuluka utomoni woyera ngati mkaka, n'chifukwa chake anamupatsa dzina limenelo. Koma thengo limeneli ndilo chakudya chokhacho cha mbozi za monarch. Gulugufe wamkulu amamwa timadzi ta maluwa amitundumitundu, pamene mbozi yake ikasowa milkweed imafa ndi njala ngakhale itazunguliridwa ndi masamba ena obiriwira bwino. Gulugufe wamkazi amadziwa zimenezi. Amatera pa tsamba, n'kulikanda ndi timiyendo take takutsogolo, pakuti iye amalawa ndi miyendo, ndipo akatsimikiza ndi pamene amapinda mimba n'kusiya dzira limodzi kunsi kwa tsambalo.

Za firiji n'zosavuta. Njere za milkweed wa kumadera ozizira sizimera zisanagone m'dothi lozizira ndi lonyowa. Zikanamera mu Okutobala, chisanu chikanapha timbande tonse. Ndiye firiji ndi njira yozipusitsa kuti zione ngati dzinja lachisanu ladutsa. Masiku 30 amakwana. Koma poti tili mu Seputembala, ine ndingakulangizeni kuti muzisunge zouma mpaka Novembala, mukazifese panja, muzitsindire pang'ono ndi chikhatho, chipale chofewa chigwire ntchito yonse. Za firijizo muzichita mu Malichi ngati mwachedwa.

Funsani aphunzitsi a mwanayo kuti njerezo ndi za mtundu uti. Common milkweed amayala mizu pansi ndipo pakatha zaka ziwiri mudzamupeza watulukira pakati pa kapinga wa aneba. Pakhomo pochepa ndi bwino swamp milkweed, wamaluwa apinki, kapena butterfly weed, wamaluwa a lalanje, amene amakhala pamene mwawaika. Ndipo utomoni uja usafike m'maso. Umawawa koopsa ndipo ungavulaze diso. Ana anga amadziwa kuti akagwira tsamba, asanakande kumaso amayamba asamba m'manja.

Tsopano ndikuuzeni zimene mudzaone, chifukwa ndi pamene bambo ake a mwana adzasiye kunena kuti ndi thengo. Dziralo ndi laling'ono ngati mutu wa phini, loyera mwachikasu, losongoka pamwamba. Pakatha masiku anayi kapena apo, nsonga yake imada, ndipo kambozi kamatuluka n'kutembenuka kudya chikhokhombe cha dzira lake lomwe. Kenako kamaluma tsamba mozungulira, ngati kakulemba kabwalo, kuti utomoni uyambe watha kasanadye zapakatipo, apo ayi utomoniwo ungakamate pakamwa. Mwana wina wa m'kalasi mwanga ndiye anandionetsa kabwalo kameneka koyamba. Ine ndinali nditadutsa masamba oterowo zaka ziwiri osadziwa kuti ndi chizindikiro choti pansi pake pali mwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana a zaka zisanu ndi zinayi amadekha kuposa mmene timawaganizira.

Kwa milungu iwiri mboziyo imangodya ndi kufundula, mpaka kufika kutalika ngati chala cha mwana, yamizeremizere yachikasu, yakuda ndi yoyera. Tsiku lina imasiya kudya, n'kuchoka pa chomeracho, n'kukapeza pokolekera: kunsi kwa benchi, pa waya wa mpanda, ife inatipangira pa chogwirira cha wilibala. Imaluka kansalu ka ulusi, n'kudzikoleka chadodolido, mutu utapindikira m'mwamba ngati mbedza. Imakhala choncho usiku wonse. M'mawa mwake tinyanga take timalefuka, khungu limang'ambika kuseri kwa mutu, ndipo imadzigwedeza mpaka khungulo litakwinyikira pamwamba n'kugwa. Chotsala ndi chikwa chobiriwira chokhala ndi timadontho tonyezimira ngati golide. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, moti ukapita kukamwa madzi umapeza zatha. Pakatha masiku 10 mpaka 14, chikwacho chimada, mapiko a lalanje n'kumaonekera mkati, ndipo gulugufe amatuluka ali ndi mimba yotupa ndi timapiko tokwinyika. Amalendewera maola angapo akupopera madzi a m'thupi m'mapikomo mpaka atatambasuka ndi kuuma. Panthawi imeneyo asakhudzidwe.

Mtundu wowala wa lalanjewo ndi chenjezo. Milkweed ali ndi poizoni amene mbozi imasunga m'thupi mpaka kukula. Wasayansi wina, Lincoln Brower, anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti mbalame yotchedwa blue jay ikadya monarch imasanza, ndipo ikaonanso wina imamulambalala.

Aphunzitsi, ndili ndi zaka 10. Kusukulu atiuza kuti agulugufe a kuno amapita ku Mexico. Ndani amawalondolera njira? Amayi awo?
*Mtsikana wa giredi 5, Ontario*

Mwanawe, wafunsa pachimake penipeni. Amayi awo sakhalapo. Gulugufe amene ukumuona akudutsa pasukulu panu mwezi uno sanapiteko ku Mexico, amayi ake sanapiteko, ngakhale agogo ake. Iye ndi chidzukulutudzi cha amene anachoka kumeneko mu Malichi, nthawi zina kupitiriranso apo.

Zimayenda motere. Amene agona ku Mexico nyengo yozizira amanyamuka mu Malichi, n'kufika kumpoto kwa Mexico, ku Texas ndi madera oyandikana nawo. Kumeneko amaikira mazira pa milkweed wongophuka kumene, n'kufa. Ana awo amapitiriza ulendo wa kumpoto, kutsatira milkweed pamene akuphuka, ndipo kwanu ku Ontario agulugufe amayamba kuoneka cha mu Juni. A miyezi yotentha sakhalitsa: milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, aikira mazira, afa. Koma obadwa kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala amapeza masiku akufupika, usiku ukuzizira, milkweed akukalamba. Matupi awo amaimika kaye zobereka. Amamwa kwambiri, kusunga mafuta m'mimba, n'kulunjika kum'mwera chakumadzulo. Amenewa amatha kukhala miyezi isanu ndi itatu, ndipo ochokera kwanu amauluka makilomita pafupifupi 4,000. Kulemera kwa mmodzi ndi theka la galamu. Ukawapempha makolo ako, akakutengere ku Point Pelee, kamtunda kosongoka kolowa m'nyanja ya Erie. Agulugufe amasonkhana m'mitengo ya kumeneko kudikira mphepo yabwino yowolokera.

Njira amaiwerenga pa dzuwa. Koma iwe ukudziwa kuti dzuwa silikhala pamodzi: m'mawa lili kum'mawa, madzulo kumadzulo. Wongotsata dzuwa angazungulire. Ndiye gulugufe ayenera kudziwanso nthawi, ndipo wotchi yake ili m'tinyanga tiwiri ta pamutu pake. Mu 2009 gulu la Steven Reppert ku Massachusetts linapaka utoto wakuda pa tinyanga ta agulugufe ena kuti kuwala kusalowe, ndipo agulugufewo anasokonezeka njira. Amene anapakidwa utoto woonekera mkati anapitiriza kulunjika bwino. Yesa izi ndi anzako: tulukani panja 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, nthawi iliyonse muloze kum'mwera chakumadzulo, muone kuti dzuwa lili mbali iti ya thupi lanu. Ana anga akachita zimenezi tsiku limodzi, sindifunikanso kufotokoza pa bolodi.

Ndipo nkhaniyi ndi ya kwanu. Fred Urquhart ndi mkazi wake Norah anali a ku Toronto. Anatha zaka pafupifupi 40 akufuna kudziwa kumene agulugufewa amapita. Ankamata timapepala ting'onoting'ono pamapiko, ndipo anapempha anthu masauzande, aphunzitsi ndi ana a sukulu omwe, kuti awathandize kumata ndi kutumiza uthenga akatola gulugufe wa kapepala. Madontho a pa mapu awo ankalowera ku Texas n'kuzimiririka. Pa 2 Januwale 1975, Ken Brugger ndi Catalina Aguado, amene ankawathandiza kufufuza ku Mexico, anakwera phiri la Cerro Pelón n'kupeza mitengo itakutidwa ndi agulugufe. Anthu a m'midzi ya kumeneko ankawadziwa kuyambira kale. Chimene sankadziwa n'chakuti amachokera kutali chotere, monganso a ku Canada sankadziwa kumene amathera. Chaka chotsatira a Urquhart anapita okha, ndipo pakati pa agulugufe mamiliyoni anapeza mmodzi ali ndi kapepala kamene kanamatidwa ku Minnesota ndi mphunzitsi wina ndi ana ake a sukulu. Dziko linamva za nkhalangoyo m'magazini ya National Geographic ya Ogasiti 1976.

Ine ndinapitako kamodzi, mu Febuluwale, kumalo otchedwa El Rosario ku Michoacán. Ndi pamwamba, mamita pafupifupi 3,000, ndipo pokwera mpweya unkandithera. Mitengo yake ndi ya oyamel, yaitali, yonga paini. Imagwira ntchito ngati bulangete ndi ambulera: pansi pake pamazizira mokwanira kuti agulugufe asathe mafuta awo msanga, koma osati mpaka kuuma ndi chisanu, ndipo mvula siwanyowetsa kwambiri. M'mawa ndinkaona ngati nthambi zadzaza masamba ouma, zina zitawerama ndi kulemera. Dzuwa litawomba, masamba aja anatseguka. Wotiperekeza anatiuza kuti tikhale chete, ndipo tinamva phokoso la mapiko, ngati mvula yowaza pa masamba. Agulugufewa amayamba kufika kumeneko kumayambiriro kwa Novembala, masiku amene anthu a ku Mexico amakumbukira akufa awo, ndipo ambiri a kuderalo amati ndi mizimu ya abale awo yabwera kudzacheza.

Aphunzitsi anzanga, ndikufuna kuitanitsa mbozi 30 pa intaneti kuti mwana aliyense alere yake m'botolo, tidzaziulutse tsiku limodzi makolo akuonerera. Ndagulanso milkweed wamaluwa ofiira ndi achikasu amene sauma chaka chonse. Mungandiuze chiyani?
*Mphunzitsi wa pulayimale, pafupi ndi Houston, Texas*

Aphunzitsi, mtima wanu ndaumva, ndipo inenso ndinayamba ndi maganizo omwewo. Koma zonse ziwiri ndikukupemphani kuti musachite.

Ndiyambe ndi chomeracho. Ameneyo ndi tropical milkweed, ndipo vuto lake ndi lomwe mwamuyamikira nalo: kwanu kofundako sauma. Pali kachilombo kosaoneka ndi maso kamene timangokatchula kuti OE. Gulugufe wodwala amakhala ndi timbewu take pamimba, ndipo akatera timagwera pa tsamba ndi pa dzira. Mbozi ikadya, matenda alowa. Ena amakanika kutuluka m'chikwa, ena amatuluka ndi mapiko opiringizika osatambasukanso, ena amaoneka bwino koma sauluka patali. Milkweed wachilengedwe cha kuderako amauma nyengo yozizira, timbewu tija n'kuthera pomwepo, ndipo chaka chatsopano chimayamba ndi masamba oyera. Uyu wosaumayu amaunjika matenda mwezi ndi mwezi. Komanso agulugufe ena akamupeza ali wobiriwira mu Novembala amayamba kuikira mazira m'mphepete mwa nyanja kwanuko m'malo mopitiriza ulendo. Ngati simungamuzule, muduleni mpaka pansi kumapeto kwa Okutobala ndipo muzimudulabe mpaka Febuluwale. Koposa zonse, m'malo mwake dzalani green milkweed kapena antelope horns, a ku Texas komweko. Sukulu yanu ili pakhomo pamene agulugufe ochokera ku Mexico amaikira mazira oyamba a chaka, ndiye zimene mungadzale zili ndi ntchito kuposa zathu za kuno.

Funsaninso kumene mwagula ngati zomerazo zinathiridwa mankhwala ophera tizilombo. Chaka chathu chachiwiri masamba anatithera, ndipo ndinathamangira kusitolo ina yogulitsa mbande n'kugula miphika itatu yooneka bwino, yopanda ndi kachibowo komwe. Mmawa mwake mbozi zisanu ndi imodzi zinali pansi zikudzipinda, zikulavula madzi obiriwira. Pofika masana zonse zinali zitafa. Ndinawauza anawo chilungamo, kuti ndine ndinagula chomera chamankhwala osafunsa. Kuyambira pamenepo, tsamba losalumidwa ndi kalikonse ndimalikayikira.

Za mbozi zogula, kuweta zambiri pamodzi kumafalitsa matenda, ndipo mukaziulutsa mwawatumiza kwa agulugufe a kutchire. Mu 2019 ofufuza a ku University of Chicago anapeza kuti agulugufe ogula kwa oweta sankalunjika kum'mwera, ndipo ngakhale a kutchire amene analeredwa m'nyumba ankasokonekera. Ku California lamulo limafuna chilolezo kuti munthu agwire kapena kuweta monarch.

Ine sindikunena kuti mwana asaone chikwa pafupi. Chaka chilichonse timatola mazira atatu kapena anayi m'kadimba kathu, osaposa apo. Timawasunga m'kakhola ka neti pakhonde, pamene kuwala ndi kuzizira kwa panja kumafika, timachotsa ndowe tsiku ndi tsiku, ndipo tikatha timatsuka kakholako ndi madzi a bulichi. Ana 24 amakwana pa mbozi zinayi. Amaziyang'anitsitsa kwambiri kusiyana ndi mmene aliyense akanayang'anira yake, chifukwa amatsutsana pa zimene aona n'kubwereranso kukatsimikiza. Makolo aitaneni tsiku lodzala, abwere ndi mafosholo.

Ine ndimayendetsa thiraki pa msewu wa I-35, kuchoka ku Minnesota mpaka ku Texas. Mu Okutobala ndimakumana ndi agulugufewa ambiri, ena amafera pagalasi langa. Ndiye akamati akutha, n'zoona? Nanga kadimba ka pasukulu kangasinthe chiyani?
*Bambo wa ku Minnesota*

Bambo, msewu wanuwo uli pakati penipeni pa njira yawo, moti mu 2016 maboma asanu ndi limodzi amene msewuwo umadutsamo anagwirizana kuusamalira ngati Monarch Highway, kutanthauza msewu wa agulugufe a monarch. Mukuona ambiri chifukwa a theka la kontinenti amapanikizana kudutsa ku Texas.

Kuwerenga kwenikweni kumachitikira ku Mexico. Sawerenga mmodzimmodzi, amayeza kukula kwa nkhalango imene akuta. Nyengo ya 1996 mpaka 1997 anakuta mahekitala 18.19. Ya 2013 mpaka 2014 anali 0.67, osakwana ndi hekitala imodzi. Ya 2023 mpaka 2024 anali 0.9, ndipo chaka chotsatira 1.79. Manambala amakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo, koma akatswiri amati pamafunika mahekitala 6 kuti mtima ukhale m'malo. A kumadzulo kwa mapiri a Rocky, amene amagona m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja ku California, anali oposa miliyoni imodzi mu 1997, koma mu 2020 anawerengedwa osakwana 2,000. Anachulukanso pambuyo pake, osafika pakale. Mu Disembala 2024 nthambi ya boma la America yoona za nsomba ndi nyama zakutchire inapereka ganizo loti monarch alembedwe m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo.

Zifukwa n'zingapo, koma chimene ndimachiona ndi maso kuno ku Iowa ndi minda. Kale milkweed ankamera pakati pa mizere ya chimanga ndi soya. Kuyambira 1996 kunabwera mbewu zosafa ndi mankhwala opha udzu a glyphosate, alimi n'kumapopera munda wonse, ndipo milkweed anatsala pang'ono kutheratu m'mindamo. Ku Mexico kudula mitengo kumaboola bulangete lija, ndipo mphepo yamkuntho ya mvula ndi chisanu, monga ya mu Januwale 2002, imapha mamiliyoni usiku umodzi. Chilala cha ku Texas chimaumitsa maluwa amene akanamwa panjira.

Kadimba kathu kali ndi mapesi a milkweed osapitirira 60, pamene ofufuza akuti chigawo chapakati cha America chikufunika mapesi ena oposa biliyoni imodzi. Sindiwanamiza ana kuti tikupulumutsa agulugufe patokha. Koma ambiri mwa ana anga ndi a m'mabanja a alimi. Chaka chatha mnyamata wina anakakamira agogo ake mpaka anasiya kutchetcha ngalande ya m'mbali mwa munda wawo kufikira Okutobala. Ngalande imeneyo ndi yaitali kuposa bwalo lathu lonse la mpira.

Aphunzitsi, mdzukulu wanga anatola mbozi yaikulu n'kuisunga. Inadzikoleka bwinobwino, koma kenako inada, inafota, ndipo tikuona timaulusi toyera tikulendewera. Mwanayo walira usiku wonse akuti waipha ndi iye.
*Agogo, Ohio*

Agogo, muuzeni mdzukulu wanuyo kuti mboziyo inabwera ndi imfa yake kuchokera kutchire. Pali ntchentche ina, tachinid, imene imaikira mazira pa mbozi ikadali yaing'ono. Mphutsi zake zimakulira mkati, ndipo mbozi ikadzikoleka zimatuluka n'kutsikira pansi pa timaulusi mwaonato. Mukayang'ana pansi pa botolo mupeza tinthu tofiirira tonga njere za nyemba zazing'ono. Palibe chimene mwanayo akanachita.

Gulugufe mmodzi wamkazi amaikira mazira mazana angapo, ndipo pa mazira khumi alionse, kawirikawiri ngakhale limodzi silifika pouluka. Nyerere, akangaude ndi mavu onse amadya pomwepo. Musamugulire ina kuti aiwale. Mulekeni alire, kenako mukhale naye pansi ajambule zimene waona, alembe tsiku. M'kalasi mwathu buku la kadimba lili ndi tsamba la zakufa, ndipo ana amalilemba mosamala ngati masamba ena onse.

Ndangoyamba kumene ntchito. Sukulu yathu ndi ya simenti pafupifupi paliponse ndipo ndalama palibe. Ndiyambire pati?
*Mphunzitsi watsopano, Kansas City*

Yambirani kwa munthu amene amatchetcha kapinga. Sindikunena mwanthabwala. Chaka chathu choyamba tinadzala mu Meyi, ana anathirira mpaka kutsekera sukulu, ndipo nditabwera mu Julayi ndinapeza pali mbee, zonse zatchetchedwa. Bamboyo sanalakwe, palibe amene anamuuza, ndipo milkweed wosachita maluwa amaonekadi ngati thengo. Ndinakhala pansi pomwepo misozi ili m'maso. Chaka chotsatira tinayenda naye limodzi, tinazika miyala m'malire, ana analemba chikwangwani. Lero ndi iye amene amandiuza kuti monarch woyamba wafika.

Pezani malo amene dzuwa limawomba maola asanu ndi limodzi pa tsiku. Mamita atatu mulitali ndi atatu mulifupi akwana. Ngati ndi simenti yokhayokha, mabokosi akuya amatabwa amatheka, ndipo swamp milkweed amakula bwino m'menemo mukamathirira. Dzalani mapesi a milkweed osachepera khumi, moyandikana, chifukwa mbozi imodzi yaikulu imamaliza tsamba lonse mukuona. Ndiye musaiwale maluwa omwera, makamaka ochita maluwa mochedwa: aster, goldenrod, blazing star. Sukulu zambiri zimadzala zokongola mu Juni, ana ali kutchuthi, koma pofika Seputembala, pamene ana abwerera ndipo agulugufe apaulendo akufuna chakudya, dimba lili gwaa. Zinnia ndi wotchipa ndipo amachita maluwa mpaka chisanu choyamba. Gawanani milungu ya tchuthi ndi mabanja okhala pafupi kuti azithirira. Mankhwala ophera tizilombo asayandikire. Mudzaona nsabwe zachikasu zitadzaza pa nsonga, masamba atalumidwa, mapesi ena atatsala mbulanda. Walira mvula walira matope. Nsabwezo zikachuluka muzitsitse ndi madzi, mutayamba mwafufuza mazira.

Inu muli ndi mwayi, chifukwa Monarch Watch, pulogalamu yofufuza ndi kuteteza agulugufewa, ili pafupi nanu, ku University of Kansas mumzinda wa Lawrence. Anaiyambitsa Chip Taylor mu 1992. Kumeneko mungalembetse dimba lanu ngati Monarch Waystation, malo opumirapo agulugufe paulendo, ndipo ali ndi ndondomeko yopereka mbande za milkweed kwaulere kwa sukulu. Pa webusaiti ya Journey North ana amalemba tsiku limene aona dzira loyamba kapena gulugufe woyamba, dontho lawo n'kuonekera pa mapu pamodzi ndi a anthu a mayiko atatu, Canada, America ndi Mexico. Palinso mwambo wa agulugufe a mapepala: kalasi imajambula ake n'kutumiza kwa ana a sukulu za pafupi ndi nkhalango ku Mexico, ndipo mu Epulo kapena Meyi kumabwera envulopu ya agulugufe ojambulidwa ndi ana a kwina. Pamenepo mwaphunzitsa mapu, kulemba kalata ndi mawu angapo a Chisipanishi osatsegula buku.

Timapepala tomata pamapiko muitanitse msanga, mwezi wa Ogasiti usanafike. N'tozungulira, tochepa kuposa chikhadabo cha kachala kakang'ono, ndipo kalikonse kali ndi zilembo ndi manambala akeake. Ku Mexico anthu a m'midzi amatitola pansi pa mitengo, a Monarch Watch n'kuwalipira pa kalikonse.

Ife tinamata athu Lachinayi lapitali. Mwana amagwira gulugufe mapiko onse anayi atatsekedwa, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pafupi ndi thupi. Wina amayang'ana ngati pa mapiko akumbuyo pali kadontho kakuda pamzere, chizindikiro cha wamwamuna. Wachitatu amanyamula kapepala ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kukaika pa phiko lakumbuyo, kunsi kwake, pamalo ooneka ngati chikhatho, n'kutsindira pang'ono. Wachinayi amalemba nambala, tsiku ndi malo. Womaliza tsikulo anali wamkazi, ndipo anamugwira mtsikana amene chaka chino chiyambire salankhula m'kalasi. Atatsegula zala, gulugufeyo anakhalabe pa dzanja lake kanthawi, akutsegula ndi kutseka mapiko. Kenako ananyamuka, anakwera kupitirira denga la holo, n'kukhotera kumene kuli thanki ya madzi ya tauni yathu. Mtsikanayo anayang'ana kampasi imene ndinamupatsa, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Kum'mwera chakumadzulo, aphunzitsi." Tinalemba m'buku: 2:40 masana, mphepo yochokera kumpoto.